Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Nditavula Yunifolomu, Ndinalowa mu Baseball

Nditasiya usilikali wa America ku Fort Bragg, m'chigawo cha North Carolina, chimene chinandinyamula ndi GI Bill, ndondomeko imene boma limalipirira sukulu anthu amene anatumikirapo usilikali. Ndinaphunzira zamalonda, ndipo ndisanamalize n'komwe ndinapeza ntchito yogulitsa matikiti ku timu ina ya baseball, masewera omenya mpira ndi ndodo. Timuyo inali ya minor league, maligi ang'onoang'ono amene ali pansi pa ligi yaikulu ya Major League Baseball.

Abale kumudzi ankaganiza kuti ndikusewera. Ayi ndithu, ine ndinali wa mu ofesi.

Munthu amene anakula akumvera Bullets ndi Wanderers pa wailesi amadziwa kuti timu ikamagonja, bwalo limachepa anthu. Ku minor league sizili choncho kwenikweni. Osewera si athu: amawalemba ndi kuwalipira ndi timu yaikulu ya Major League Baseball, ndipo mnyamata akayamba kumenya bwino mpira amamukweza, mawa lake osamuonanso. Ndiye sungalonjeze wogula tikiti kuti timu ipambana. Chimene tinkagulitsa ndi madzulo abwino a banja lonse: mpando wotchipa, chakudya, nyimbo, zophulitsa zamoto masewera akatha. Nthawi imeneyo nyengo inali ya masewera 140, theka lake pakhomo, kuyambira Epulo mpaka kumayambiriro kwa Seputembala. Ndalama za chaka chathunthu zimayenera kupezeka m'masiku 70 amenewo.

Apa m'pamene usilikali unandipindulira. Ndinkadziwa mmene mabanja a asilikali amakhalira mwamuna kapena mkazi akatumizidwa kutali, choncho ndinkapita kwa magulu awo, kumatchalitchi ndi kumasukulu, n'kuwagulitsa matikiti ambiri pamodzi. Kuona mayi ndi ana ake akuseka pabwalo, bambo ali kutsidya la nyanja, kunkandikhudza mtima kwambiri.

Ndipo mvula ikayamba, ife tonse a mu ofesi, bwana yemwe, tinkathamangira kukakoka chinsalu cholemera chophimbira bwalo. Aliyense pamalo pake, mawu a munthu mmodzi, tonse n'kukoka pamodzi. Ntchito imeneyi ndinkaikonda kuposa ina iliyonse.

Kenako kunabwera 2020. Mliri wa Covid-19 unachititsa kuti nyengo yonse ya minor league ithetsedwe, ndipo pofika 2021 matimu ogwirizana ndi Major League Baseball anachepetsedwa kuchoka pa 160 kufika pa 120. Mmene ndinadyetsera ana anga chaka chimenecho ndi nkhani ya gawo lotsatira.