Za tsiku lomwe tinapita ku Santa Cruz

Anzanga amene munatsala, ndati ndikufotokozereniko za tsiku lachitatu la ulendo wathu wa ku California, ku America, tsiku lomwe tinamva za kalipiridwe ka madokotala kumeneko, chifukwa mpaka pano silikundichoka mmutu. Tinalipo asanu ndi awiri, manesi, ma clinical officer ndi ife a ku akaunti, tinanyamuka ku San Jose mmamawa pa minibasi kudzera Highway 17, msewu wokhotakhota wa mmapiri mitengo italiitali mbali zonse, mpaka mayi wina mutu unayamba kuzungulira tinaima kaye kuti apume. Ola lisanakwane tinali titafika ku Santa Cruz mmbali mwa nyanja.

Pa kiliniki yomwe anatilandira, mayi woona za mabilu anangosuntha makapu a tiyi nkutiyalira mapu patebulo, malire a ma county (onga maboma athu kuno) atawajambula ndi cholembera chofiira. Nkhani yake ndi iyi, Medicare, inshulansi ya boma ya anthu a zaka 65 kupita mtsogolo, siilipira madokotala mofanana dziko lonse. Kuyambira 1992 ntchito iliyonse ili ndi mapointi ake kenako amachulukitsa ndi nambala ya dera yotchedwa GPCI, iwo amangoti jipsi, ndipo ili patatu, thukuta la dokotala mwiniwake, zoyendetsera kiliniki monga lendi ndi malipiro a antchito, komanso inshulansi yomutchinjiriza akamusumira.

Pomwe panandikhudza ndi apa. Mu 1997 boma linachepetsa maderawo kuchoka pa 210 kufika pa 89, Santa Cruz nkupezeka mu gulu la Rest of California, kutanthauza madera otsala a California, limodzi ndi ma county a kumidzi komwe nyumba ndi zotsika mtengo, pomwe Santa Clara, kuseri kwa phiri lomwe tinadutsa mmawa uja, inali dera palokha la mtengo wokwera. Odwala yemweyo, matenda omwewo, lendi yodula konsekonse, koma ndalama zosiyana. Mayiwo amati madokotala achinyamata ankangosankha kukagwira ntchito kuseri kwa phiri ndipo ena anasiya kulandira odwala atsopano a Medicare, ovutika anali agogo osatha kuyendetsa galimoto pa msewu woopsa uja. Ine mtima unandiwawa, nkhalamba kusowa dokotala chifukwa cha mzere wa pa mapu basi.

Phungu wawo wa nthawi imeneyo Sam Farr anailimbikira nkhaniyi kwa zaka zambiri, lamulo linadutsa mu 2014, ndiye kuyambira 2017 California inayamba kugawidwa motsata mizinda ndi madera ozungulira, pang'onopang'ono mpaka 2022. Tangowerengani nokha kuchokera 1997.

Pobwerera mu minibasi munali mkangano. A clinical officer athu amati dongosololi likukondera a mtauni, wa kumudzi ndi amene ayenera kulandira zambiri poti kulibe amene amafuna kupitako, anapereka chitsanzo cha anzathu a ku Chitipa ndi Nsanje. Nanenso ndikugwirizana nawo ndithu, ndipo aku America nawonso anaziona, dera lakutali la Alaska analiikira nambala ya thukuta la dokotala isatsike pa 1.5, Montana, Wyoming, Nevada ndi North Dakota ndi South Dakota ya zoyendetsera kiliniki isatsike pa 1.0, yomwe ndi nambala ya pakatikati ya dziko lonse. Koma lendi ya ku Santa Cruz nayonso ndi yeniyeni, tinaiona papepala ndi maso athu.

Mapu aja anatipatsa, ali ndi a tcheya, tidzawabweretsa pa msonkhano wa mwezi uno kuti muone nokha.