Kusaka ndege ya amayi yopita ku London

Lachiwiri, Dedza boma

Lero tsiku lonse lathera pa laputopu basi. Viza ya amayi inatuluka, achemwali ku London masiku awo ayandikira ndiye akufuna amayi akafike msanga akathandize za chikuta, ndipo poti pakhomo pano ine ndi amene amati "amadziwa za intaneti", ntchito yosaka tikiti yagwera ine. Ndalama akulipira ndi alamu komweko, chifukwa ndi mmene forex ikuvutiramu khadi ya kuno singakoke tikiti ya ku Ulaya, ine yanga ndi kusaka kokha kenako nditumize pa WhatsApp.

Ndinayamba mmawa ndi Google Flights, kunja kuli chifunga phiri la Dedza osaoneka nkomwe, zala zili gwa kuzizira. Pamwamba ndalemba LLW, ndiyo KIA yathu ya ku Lumbadzi ija, kwinako LHR ya Heathrow. Zomwe zinatuluka koyamba abale, mutu unazungulira. Yotchipa kwambiri inali yotera malo atatu, Johannesburg, kenako kwina ku Arabu, kenako kwinanso ku Ulaya, ulendo wonse kupitirira tsiku ndi theka. Kwa mnyamata ngati ine mwina ndikhoza kupirira nkumagona pa benchi, koma amayi sanakwerepo ndege chibadwire, Chizungu amangomva cha moni, ndiye muwasiye okha usiku pa eyapoti ya eni akusaka geti? Ayi ndithu.

Ndege yochoka Lilongwe kukatera ku Ulaya osaima kulibe, izi aliyense akudziwa, ndiye nkhani ndi kupeza yoima kamodzi kokha. Pa Google Flights pali pamene alemba Stops, ukadina pamenepo umasankha yoima kamodzi kapena osaima, zonse zamalo atatu zija zimachoka zokha. Zinatsala zomveka ndi ziwiri: Ethiopian Airlines kudzera Addis Ababa, ndi Kenya Airways kudzera Nairobi. Kuchoka Lilongwe kufika Addis ndi pafupifupi maola 4, kenako Addis mpaka London pafupifupi maola 8. Ya Nairobi chigawo choyamba nchachifupi, maola awiri ndi pang'ono, koma chachiwiricho chimatalikirapo. Za Johannesburg ziliponso koma kumeneko nkuyamba watsika kummwera kenako nkubwereranso kumpoto, zili ngati munthu wa pa Linthipe akufuna ku Lilongwe nkuyamba wakwera ya ku Ntcheu.

Cha mma 11 magetsi anathima, laputopu yanga batire yake ndi ya dzina lokha, ndiye ndinasamukira pa foni, bandulo ikungotha.

Pa foni ndinatsegula Skyscanner kuti ndifananize, ndipo apa ndi pomwe pali msampha weniweni. Inandionetsa ina yotchipirapo ndithu, yoima kamodzinso, koma pansi pake timalemba ting'onoting'ono akuti self-transfer. Amenewo ndi matikiti awiri osiyana omwe angowalumikiza, kampani ina kuno ina uko. Ukafika pakatipo umatuluka, kukatenga wekha masutikesi, kukaimanso pa mzere kuwapereka, ndipo ndege yoyamba ikachedwa yachiwiri nkukusiya, kampani yachiwiriyo ilibe nawe mlandu. Pomwe ukagula ulendo wonse pa tikiti imodzi katundu amapita yekha mpaka London, ndege yoyamba ikachedwa iwo eni ake amakupezera ndege ina. Ine ndikuona kuti ndalama yomwe munthu amati wapulumutsa pa self-transfer siyofanana ndi mtima uli mmwamba usiku wonse, makamaka ukutumiza kholo.

Chinanso chomwe ndinakhalira nthawi ndi maola odikira pakatipo. Yodikira ola limodzi imaoneka yabwino pa sikirini koma amayi ndi bondo lawo lija sangathamange, yodikira maola 10 nayonso ndi chilango. Ndimafuna ya pakati, maola atatu kapena anayi. Komanso nthawi zomwe amalemba ndi za komwe ndege ikutera, Addis ndi Nairobi ali patsogolo ndi ola limodzi kuposa ife, ndiye ndawauza amayi kuti akafika asamadalire wotchi ya pamkono, aziona ya pakhoma. Ukadina pa ulendo uliwonse uonenso bwinobwino, ndege zina zimatera pa bwalo lina kunyamula anthu inu muli momwemo, nambala ya ndege osasintha, ndiye pamwamba sizioneka msanga.

Masana achemwali anaimba pa video. "Achimwene, mwapeza? Bola isakhale yozungulira dziko lonse, amayi angatisowe." Ndinawauza kuti mtima wanga uli pa ya Addis, ndipo pa kalendala ya mitengo ija ndaona kuti kungosuntha tsiku limodzi kapena awiri mtengo ukusintha, ndiye asaumirire Loweruka. Ndawauzanso alamu kuti akagulire pa webusaiti ya kampani ya ndege yeniyeniyo osati timawebusaiti tosadziwika tomwe Skyscanner imakutumizako, ndipo pogula apemphe wheelchair, ndi yaulere, munthu amakukankha kuchoka pa ndege mpaka pa geti ina. Amayi atamva anakana, akuti "ine sindikudwala, anthu aziti chani", koma achemwali anawanyengerera mpaka anangoti chabwino.

Madzulo magetsi atabwera nkhani inasanduka ya katundu. Tikiti yomwe ndasankhayo ikuonetsa masutikesi awiri a 23kg, amayi ayamba kale kuwerengera ufa woyera, usipa, nyemba, chiponde, mpaka akuti atenge kachewere wa ku Bembeke chifukwa mwana wawo amamukonda. Ndawauza kuti mbatata ku UK salola kulowa nayo, nyama ndi za mkaka chimodzimodzi, akakulandani pa eyapoti. Sakukhulupirira, akuti ndifunse kaye achemwali mawa. Za galimoto yokawatula ku KIA sitinakambe nkomwe, kuchoka pano kudutsa mu town mpaka Lumbadzi ndi makilomita opitirira 100 ndiye pafunika mafuta, ndiyamba ndafunsa amalume ngati yawo ili bwino.