Kapepala ka TM30 kanandidyera sabata yathunthu ku Bangkok

Chidindo chinagwa pa pasipoti yanga Lachitatu pa 11 Disembala 2024, cha m'ma 3 koloko masana, kutatsala tsiku limodzi lokha kuti viza yanga ithe. Nditatuluka mu ofesi ya zolowa ndi kutuluka ndinakakhala pa benchi, n'kumangoyang'ana tsamba lija ngati mwana wa folomu 4 amene waona dzina lake pa zotsatira za mayeso. Anzanga angapo akhala akundifunsa mmene munthu amawonjezerera masiku ku Thailand, ndiye ndafuna ndinene kamodzin'kamodzi. Mukaona mkwiyo ukutulukira apo ndi apo mundikhululukire, bala lake silinapole.

Ntchito yanga ndi ganyu ya zolemba. Ndimalembera anthu nkhani za pa mawebusayiti awo, lero za malo ogona alendo, mawa za feteleza, mkuja za inshuwalansi ya galimoto, ndipo amandilipira potengera kuchuluka kwa mawu. Ndilibe bwana, komanso ndilibe tsiku la malipiro. Ulendo uwu ndinausungira zaka ziwiri, ndipo amene amadziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira kwathu amvetsa kuti zaka ziwirizo zinali zotani. Ndinali nditatopa kulemba za mizinda imene sindinaipondepo. Ndinatera pa bwalo la ndege la Suvarnabhumi pa 14 Okutobala ndi viza ya mlendo ya masiku 60, yomwe inkathera pa 12 Disembala. Viza imeneyi amalola kuiwonjezera kamodzi, masiku 30, pa mtengo wa 1,900 baht, ndalama za ku Thailand. Simaloleza kugwira ntchito m'dzikomo, choncho maganyu anga ndinamaliziratu ndisananyamuke, kumeneko n'kumangoyenda ndi kope ndi kamera. Iliko ina imene anayambitsa mu Julayi 2024 ya anthu ngati ife ogwira ntchito pa laputopu, amati DTV, koma imafuna uonetse 500,000 baht ku banki. Ndinangowerenga nambalayo n'kuseka ndekha.

Za mapepala sinditaya nazo nthawi. Fomu yake ndi TM7, chithunzi cha masentimita 4 kwa 6, fotokope ya tsamba la nkhope yanu, ya viza ndi ya chidindo cholowera, ndipo fotokope iliyonse muisainire. Ndalama mutenge zogwirika m'manja. Zonsezi ndinali nazo mu envulopu sabata imodzi pasadakhale, ndikudzitama mumtima kuti ine ndiye wadongosolo.

Chimene ndinalibe ndi TM30, kapepala kosonyeza kuti mwini nyumba wadziwitsa boma kumene ukugona.

Lamulo lawo la zolowa ndi kutuluka la 1979 limati mwini nyumba kapena mwini hotela aliyense amene wasunga mlendo wochokera kunja adziwitse boma pasanathe maola 24. Udindo ndi wa mwini nyumba, osati wako. Koma ukapita kukapempha masiku owonjezera, wofunsidwa umboni wake ndiwe. Sabata yoyamba ndinagona pa kahotela kena kufupi ndi Khao San Road, ndipo iwo anachita zimenezi okha osandiuza n'komwe, mahotela anazolowera. Ndalama zitayamba kuyenda mothamanga ndinasamukira tsidya lina la mtsinje wa Chao Phraya, ku Thonburi, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mayi ena achikulire. Ndinkawatchula kuti Pa, mawu awo otanthauza azakhali. Mayi abwino, ophika bwino, oseka tsiku lonse. Za TM30 anali asanazichitepo chibadwire, ndipo ine sindinafunse. Safunsa anadya phula. Tsiku lomwe mwalowa nyumba, musanamasule chikwama, funsani pepala la TM30. Ndibwerezanso kutsogoloku.

Ndiye Lachitatu pa 4 Disembala ndinadzuka 5 koloko, ndinawoloka mtsinje, sitima, kenako njinga yamoto, ofesi yake ili kutali kumpoto kwa mzinda. Apa ponse fufuzani kaye kuti mtundu wa viza yanu amathandizira kuti, chifukwa si onse amapita malo amodzi. Ndinatenga nambala, n'kukhala. Holo yodzaza mitundu yonse ya anthu, aliyense atakumbatira envulopu yake. Itakwana 12 koloko ananyamuka onse kupita ku nkhomaliro mpaka 1 koloko, nambala yanga itatsala anthu anayi. Nditafika pa tebulo, mayi wa yunifolomu uja anatsegula mapepala anga mmodzimmodzi, anaona adiresi imene ndinalemba pa fomu, anayang'ana pa kompyuta, n'kundionetsa kuti kwa iwo ine ndinali ndikugonabe pa kahotela kaja kuyambira mu Okutobala. Sanakalipe ayi. Anangondilembera TM30 pa kapepala, kuzunguliza kawiri, n'kundibwezera envulopu ndi manja awiri. Iwowo sindingawanene kanthu. Mkwiyo wanga wonse ndinanyamula ulendo wa maola awiri kubwerera nawo ku Thonburi.

Ndinawapeza Pa akusenda mapapaya osapsa pakhonde. Ndinawafotokozera ndi foni yomasulira, kuwaonetsa kapepala kaja. Anamwetulira n'kunena kuti "mai pen rai". Mawu awa mudzawamva kakhumi pa tsiku, tanthauzo lake ndi loti palibe kanthu, musadandaule. Masiku ena onse ndinkawakonda. Tsiku limenelo ndinamva ngati andithira tsabola m'maso. Koma kumeneko munthu sukweza mawu, ukakalipa wochita manyazi ndiwe ndipo thandizo limathera pomwepo. Ndinameza malovu n'kuti, "Pa, chonde, ndithandizeni, akandigwira ine." Anati tidikire mwana wawo wamkazi, ndiye amadziwa za intaneti.

Mawa lake, pa 5 Disembala, linali tchuthi. Ndi tsiku lobadwa la malemu mfumu Bhumibol, amene analamulira zaka 70 mpaka kumwalira kwake mu 2016, ndipo amalitenganso ngati tsiku la abambo. Anthu ambiri anavala zachikasu, mtundu wa Lolemba, tsiku limene mfumuyo inabadwa. Maofesi onse a boma otseka. Mwana wa Pa uja anabwera Lachisanu madzulo, n'kupeza kuti asanatumize dzina langa pafunika nyumbayo ilembetsedwe kaye pa intaneti, ndi mapepala a umwini ndi chitupa cha mayi ake, kenako adikire kuvomerezedwa. Buku la nyumbalo anakalipeza m'kabati pansi pa zithunzi za ukwati. Loweruka ndi Lamlungu palibe chochitika. Ndinayang'ana kalendala n'kuona kuti Lachiwiri pa 10 ndi tchuthi chinanso, chokumbukira malamulo oyendetsera dziko a 1932. Mutu unaima. Ukapitirira masiku ako chindapusa ndi 500 baht tsiku lililonse mpaka kufika 20,000, ndipo ukagwidwa pamsewu usanadzipereke wekha nkhani yake imakhala ina. Choncho tsegulani kalendala ya matchuthi awo, ndipo musadikire sabata yomaliza ngati ine.

Sabata imeneyo ndinakonza zopita ku Ayutthaya, likulu lakale limene asilikali a ku Burma anawononga mu 1767, makilomita pafupifupi 80 kumpoto. Sindinapite, kuopa kuti angafune pasipoti yanga ine ndili kutali. Ndinkangozungulira mumzinda momwemo ngati nkhuku yofuna poikira.

Loweruka ndinawolokera ku kachisi wa Wat Pho. Kaboti kodutsa pakati pa Wat Arun, kachisi wa ku Thonburi, ndi doko la Tha Tien kanali 5 baht yokha, mphindi zochepa wafika. Ndinali nditalembapo za kachisi ameneyu kawiri konse, ndili ku Lilongwe, pongowerenga za ena: chifanizo cha Buddha chogona chammbali, mamita 46 m'litali, 15 kupita mmwamba, chokutidwa ndi golide. Manambala onsewo ndi oona. Chimene sindinalembe, chifukwa sindinkachidziwa, ndi phokoso. Kuseri kwa chifanizocho kuli mbale zachitsulo 108 zondandalika m'mbali mwa khoma, ndipo anthu amagula timakobili n'kumaponya kamodzi m'mbale iliyonse akuyenda. Holo yonse imangolira ngwee ngwee ngwee osaleka, ngati mvula yoyamba pa malata. Nsapato umavula n'kunyamula m'kathumba, pansi pamazizira. Kumapazi kwa chifanizocho anajambulako zizindikiro 108 ndi zigoba zonyezimira za m'nyanja, ndipo ndinaima pamenepo nthawi yaitali mpaka wina anandigunda ndi kamera. Nanenso ndinaponya timakobili tanga. Tinandithera nditatsala ndi mbale zitatu, kaya ndinaponya tiwiri pena, ndipo ndi mmene mtima unalili ndinaziona ngati malodza.

Izi zandikumbutsa za ku Grand Palace, nyumba yachifumu, ngakhale uko ndinapita kale mu Okutobala. Ili pafupi pomwepo, inayamba kumangidwa mu 1782 pomwe mfumu Rama I inakhazikitsa likulu tsidya limeneli. Kulowa ndi 500 baht. Kabudula salola, malaya opanda manja salola, ndipo ine ndinapita ndi kabudula chifukwa cha kutentha. Ndinagula buluku lopepuka lojambulidwa njovu kwa ogulitsa a kunja kwa geti, limene mlendo aliyense wopusa ngati ine amavala, moti mkatimo timazindikirana. Ndisanafike pa geti bambo wina wovala bwino anandiimitsa n'kuti lero kwatsekedwa, kuli mwambo, koma mnzake wa tuk-tuk angandizungulitse malo ena motchipa. Ndinali nditamva kale za bodza limeneli, mapeto ake amakakutula ku sitolo ya masuti kapena ya miyala yonyezimira. Pitani mukaone nokha pa geti. Chifanizo chotchuka cha Emerald Buddha chili mkatimo ndi chaching'ono modabwitsa, masentimita 66 okha, chili pamwamba patali, ndipo mfumu imachisintha zovala katatu pa chaka malinga ndi nyengo. Kujambula mkati saloleza.

China chimene chinandipweteka, mwina kuposa TM30 ukawerengetsa ndalama, ndi ma ATM. Khadi yakunja ukatapa nayo ndalama, makinawo ankadula 220 baht nthawi iliyonse, kaya watapa zambiri kaya zochepa. Ine poopa kuyenda ndi ndalama zambiri ndinkatapa pang'onopang'ono. Lamlungu lija, posowa chochita, ndinawerenga malisiti onse. Maulendo 9. Ndiye kuti 1,980 baht, kuposa mtengo wa kuwonjezera viza, ndalama yongopatsa makina, osawerengera zimene banki yanga inkadula payokha. Tapani zambiri kamodzi. Makina akakufunsani ngati mukufuna akusinthireni okha ndalama, kanani. Sabata yomweyo kasitomala wina amene anali ndi ngongole yanga ya nkhani zisanu anangoti zii, uthenga akuwerenga koma osayankha. Olemba anzanga mukudziwa. Ndinkadya mpunga womata ndi nkhuku yowotcha ya m'mbali mwa msewu, umene amadya ndi manja, kuumba kambamu n'kusunsa. Ndi chakudya chokhacho chimene chinkandiiwalitsa nsima.

Madzulo ake ndinakakhala ku Lumphini Park. Muli ng'azi zazikulu, zina kutalika ngati munthu, zikungoyenda pa kapinga pakati pa anthu othamanga, palibe wozigenda. Itakwana 6 koloko nyimbo ya fuko inalira pa zokuzira mawu ndipo aliyense anaima pomwe anali, othamanga, ogulitsa, agogo a masewero olimbitsa thupi. Zimachitika 8 koloko mmawa ndi 6 koloko madzulo. Ng'azi yokha ndi imene inapitiriza ulendo wake. Achemwali anga anaimba nthawi yomweyo, kwathu ili 1 koloko masana, akufunsa kuti, "Achimwene, mukubwera liti, amayi akufunsa." Ndinati zonse zili bwino.

Lolemba pa 9 chivomerezo chinabwera. Mwana wa Pa analowetsa dzina langa, nambala ya pasipoti ndi tsiku, pa foni, ataimirira pakhomo, mphindi khumi zisanakwane. Mphindi khumi, abale. Ndinathamangira ku shopu kukasindikiza, makope atatu. Mukaona chaka chachilendo pa mapepala awo musadzidzimuke ngati ine nditaona 2567, amawerenga zaka za Chibuda, kuwonjezera 543 pa zathu. Kunali kutada kale kupita ku ofesi, Lachiwiri tchuthi chija, ndiye kunatsala Lachitatu.

Ndinafika geti lisanatsegulidwe, koma tsiku lotsatira tchuthi anthu amakhala ngati a masiku awiri aphatikizana. Ndinaiwalanso kusainira fotokope ya TM30 yomweyo, mwamwayi anangondipatsa cholembera. Anandijambula pa kakamera ka pa tebulo, ndinapereka 2,000 baht, ndinakhalanso pansi kudikira, nkhomaliro inadutsa, kenako nambala yanga inaitanidwa. Pasipoti, lisiti, chenji cha 100 baht atachimata ndi sitepula, ndi chidindo chonena 11 Januwale 2025. Musachoke pa tebulo musanawerenge tsikulo. Ine ndinaliwerenga katatu, mlomo ukugwedera.

Nditabwerera ku Thonburi Pa anaona nkhope yanga ali patali n'kuyamba kuseka, "mai pen rai" yawo ija ili pakamwa, n'kundipatsa mbale ya mango ndi mpunga wa mkaka wa kokonati. Ndinadya. Patapita masiku atatu kunabwera mnyamata wina wa ku Philippines kudzalowa chipinda choyandikana ndi changa. Asanatule chikwama ndinamugwira pa mkono n'kupita naye kwa mwana wa Pa, pasipoti ili m'manja.