Mwezi wachisanu ndi chiwiri: sikelo yayambanso kutsika

Lero Lolemba m'mawa, ndisanatsegulire makasitomala, ndinakwera pa sikelo yoyezera matumba a soya ndi mtedza ija, ndipo yaonetsa makilogalamu 85. Poyamba ulendo wochepetsa thupiwu mu Januwale ndinali pa 94. Chingwe chomwe ndimazunguliza m'mimba podutsa pa mchombo chakwana masentimita 97, kuchoka pa 106. Msinkhu wanga ndi masentimita 168, ndipo a zaumoyo amati mimba isapose theka la msinkhu, ndiye kuti ine ndikulondola 84. Patali pakadalipo, koma mtima wakhala pansi chifukwa kwa masabata asanu athunthu, kuyambira kumapeto kwa Meyi, sikelo inangoima pa 87 osasuntha.

Chinaimitsa sikelo ndi mtedza, ndipo ndinatenga nthawi kuti ndizindikire. Nyengo ino alimi a ku Chamama, Santhe ndi Mtunthama akubwera ndi matumba pa njinga ndi pa ngolo. Wogula mtedza aliyense amadziwa kuti sulipira usanalume. Umapisa dzanja mkatikati mwa thumba, kutenga njere, kuiluma kuti umve ngati yauma. Youma imasweka ndi kaphokoso, yosauma imangofewa m'mano. Njere imodzi ndi yokwanira, koma ine ndimatapa dzanja lodzaza, zotsalazo osabwezera, kumangoponya m'kamwa uku tikukambirana mtengo. Mtedza wa Chalimbana ndiye sindimaupirira n'komwe.

Mayi akunyumba ndiwo anaona. Anandipatsa kabakuli n'kunena kuti, "Bambo, lero mukatapa mtedza wodya, muzitapanso wina wofanana nawo n'kuponya umu. Madzulo tiyeze." Titayeza unapitirira magalamu 200. Magalamu 100 a mtedza amakhala ndi ma calorie (muyezo wa mphamvu yomwe chakudya chimapereka m'thupi) oposa 550, poti pafupifupi theka la njere ndi mafuta. Ndiye kuti tsiku lililonse ndimadya pafupifupi theka la chakudya chomwe munthu wamkulu amafunika, ndili chiimire, osachiwerengera n'komwe ngati chakudya. Mtedza sindinausiye. Nsinjiro m'nkhwani ndi yabwino kuposa kuthira mafuta. Kungoti pa sikelo tsopano ndimaluma njere imodzi, zinazo zibwerere m'thumba la mwini wake.

Aka si koyamba kuyesa kuchepetsa thupi. Mu 2022 ndinagula tiyi wina amene amati amasungunula mafuta, ndinasiyanso kudya masana. M'masabata anayi ndinatsika ndi makilogalamu 6 ndipo ndinkadziona ngati ndapambana. Koma tiyiyo anali wongotsegula m'mimba, zambiri zomwe zinachoka anali madzi. Ndinkachita chizungulire ponyamula thumba, mkwiyo uli pafupi, usiku njala osagonetsa. Nditatopa nazo ndinabwerera ku mbale yanga yakale ndi dyera loposa kale, ndipo chaka chisanathe 6 uja anabwerera atatenganso anzake awiri. Thupi ukalimana chakudya mwadzidzidzi limayamba kusunga, limawotcha pang'ono, njala n'kukula. Mpaka lero zimandipweteka ndikaona amayi mumsika akutulutsa ndalama ya ndiwo kugula timapaketi timeneti.

Ulendo uno ndinadziikira lamulo limodzi: chomwe sindingathe kuchita mpaka kukalamba, ndisachiyambe. Choncho nsima ndikudya, ya m'poto momwe akudya ana. Kale inali mitanda inayi masana, inayi madzulo. Pano ndi iwiri, ndipo ndimayamba ndadya masamba: mpiru, bonongwe, chisoso, nkhwani, chilichonse chomwe chapezeka. Ufa tinasinthira ku mgaiwa chifukwa gaga wake amachedwetsa njala. Ana anakana poyamba, akuti nsima yake ndi yakuda, ndiye mayi awo anayamba ndi kusakaniza ndi ufa woyera theka ndi theka mpaka anazolowera. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya omwe alangizi a zaumoyo amaphunzitsa ku sikelo ya ana aja, ine ndinkayesa ndi nkhani ya makanda. Ndawapeza kuti ndi anga omwe. Nyemba, usipa kapena dzira zikakhalapo pambale, sindifunafuna mandasi 3 koloko.

Mafuta ophikira timayeza ndi supuni, osati kupendeketsa botolo. Supuni yaikulu imodzi ndi ma calorie pafupifupi 120, ndipo m'chiwaya cha tchipisi simuwerengeka masupuni.

Shuga ndiye anandichititsa mantha nditakhala pansi ndi cholembera. Tiyi ndinkamwa makapu awiri, iliyonse masupuni aang'ono anayi. Masana kukatentha ndinkatsitsira mabotolo awiri a zoziziritsa kukhosi, ndipo botolo la mamililita 300 limakhala ndi shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi 8. Zonse pamodzi 24. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole masupuni pafupifupi 12 pa tsiku, ndipo kuchepera apo ndi kwabwino koposa. Ndinatsitsa pang'onopang'ono, supuni imodzi masabata awiri alionse. Pano ndili pa imodzi, ndipo tsiku lina atandipatsa tiyi wa masupuni anayi ku maliro ndinalephera kumaliza kapu. Thobwa ndimamwa la kunyumba, losathira shuga, kapu imodzi.

Tsopano za kuyenda, komwe kwasanduka chinthu chomwe ndimachikonda zenizeni. Kabaza ndinamusiya. Kuchoka kunyumba kufika ku shopu ndi mphindi 30 ndikamayenda mwandawala, ndipo masiku asanu pa sabata zimakwana mphindi 150 zomwe WHO imanena. Loweruka ndi tsiku la phiri la Kasungu. Ndimadzuka kusanache, mphepo ya Julayi ikuluma makutu, botolo la madzi m'manja. Ulendo woyamba mu Febuluwale ndinapuma kasanu ndi kamodzi, mtima ukugunda mpaka m'makutu, ndipo pamwamba sindinafike. Loweruka lapitali ndapuma kawiri kokha. Pali mwala wina wosalala chapakati pomwe ndinakhalapo tsiku loyamba lija ndikuganiza zobwerera osadzabweranso. Pano ndimangoupapasa ndi dzanja n'kudutsa. Pamwamba tauni yonse imaoneka, utsi wa m'makhitchini ukungoyamba kukwera, magalimoto pa msewu wa M1 akuyenda ngati nyerere, zigafa za fodya zili mbuu m'midzi. Anzanga awiri a mumsika ayamba kunditsatira, mmodzi wa iwo anamupeza ndi matenda a shuga chaka chatha.

Chovuta kuposa phiri ndi maso a anthu. Kwathu kuno munthu akakuuza kuti "mwanenepatu" ndiye kuti wakuyamikira, ndipo ukayamba kutsika anthu amanong'onezana. Ena akuti bizinesi yagwa, ena akuti ndikudwala. Zimenezo ndimangozimva n'kupitiriza. Koma sabata yatha nditapita kumudzi, amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Mwana wanga, usandibisire ine mayi ako. Ukudwala chiyani?"

Misozi inali italenga m'maso mwawo. Ndinawamvetsa, chifukwa anaika m'manda abale ambiri zaka za m'ma 1990 omwe anayamba ndi kuonda. Ndinatulutsa kabuku kanga ka kuchipatala n'kuwawerengera. Mu Disembala BP inali 152/96, mwezi watha 134/86. Ndinawakumbutsa za bambo, momwe anagwera pakhonde mbali imodzi itafa, thupi lili lonenepa bwino lomwe aliyense ankalisirira. Ndinawauzanso zomwe adokotala anandiuza, kuti kungotsika ndi makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100 alionse kumathandiza kale BP ndi shuga, ndipo ine ndatsala pang'ono kukwanitsa 10.

Anakhala chete, kenako anapita kukagwira nkhuku. Nsima anandiikira mitanda inayi monga mwa kale. Ndinadya iwiri ndi ntchafu ya nkhuku ndi chigwada chambiri. Sanandikakamize. Pochotsa mbale anangoti, "Ulendo wina udzabwere ndi kachingwe kakoko, udzandiyezenso ine."

Mwezi wa Ogasiti ndikufuna kulimbana ndi tulo. Ndikumagona maola asanu okha chifukwa cha mpira wa usiku, ndipo ndaona kuti tsiku lomwe sindinagone bwino ndi lomwe miyendo imandikokera ku chiwaya. Ndiyesa kumazimitsa foni 9 koloko. Mcherenso ndiyamba kuuchotsa patebulo, uzithera m'poto momwemo.