Ofesi yathu ya nyumba ndi mapuloti, ndi funso lomwe ena salifuna

Tinayamba momwe ambiri amayambira muno mu Lilongwe: foni m'manja, njinga yamoto, ndi kope lolembamo eni nyumba za lendi ku Area 25 ndi Area 49. Ine ndinkayenda, mayi a kunyumba ankasunga mabuku. Anthu ankangotitcha madobadoba. Ndalama itayamba kuoneka tinalembetsa bizinesi kwa Registrar General, tinachita lendi kachipinda ku Old Town, n'kuyamba kugulitsanso mapuloti ndi nyumba zomangidwa kale.

Amene anali pa ntchito ya malo m'chaka cha 2013 sangaiwale Cashgate. Ndalama za boma zinkatuluka ku Capital Hill kudzera mu IFMIS, njira ya pa kompyuta yomwe boma limalipirira ndalama, kulipira makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse, ndipo zina zinapezeka m'mabuti a galimoto. Ndalama yakuba siikhalitsa mu buti. Mwini wake amafuna kuisandutsa chinthu chooneka bwino pamaso pa anthu, ndipo nyumba ndi malo ndiye poyambira. Khomo lomwe munthu wotere amagogoda ndi la ife ma ejenti.

N'chifukwa chake sindinadandaule pamene lamulo la Financial Crimes Act linabwera mu 2017, n'kukhazikitsa bungwe lofufuza za ndalama zokayikitsa la Financial Intelligence Authority (FIA) m'malo mwa Financial Intelligence Unit (FIU) yakale. Lamuloli limatiika ife ogulitsa nyumba m'gulu limodzi ndi mabanki, ma bureau osintha ndalama, maloya, owerengera ndalama komanso makampani ogulira anthu masheya pa Malawi Stock Exchange. Tonsefe tiyenera kumudziwa kasitomala, kusunga mapepala ake zaka 7, ndi kudziwitsa FIA mwamsanga tikaona zokayikitsa.

Pa tebulo langa zimayenda chonchi. Munthu asanaone n'komwe mapepala a nyumba, ndimapempha chiphaso cha unzika, ndijambule. Chiphasochi, chomwe chimaperekedwa ndi bungwe la boma la National Registration Bureau (NRB), chinatipeputsira kwambiri ntchito, chifukwa kale ena ankabwera ndi kalata ya amfumu basi. Ngati wogula ndi kampani, ndimafuna kudziwa munthu weniweni amene ali kuseri kwake, osati mnyamata amene wangotumidwa kudzasaina. Ngati ndi wandale, mkulu wa m'boma kapena wachibale wawo, timafufuza mozama kuposa apo. Kenako limabwera funso lija: "Bwana, mutikhululukire, ndalamazi zachokera kuti?" Wogulitsa fodya ku Kanengo amatulutsa mapepala a ku okushoni osavuta. Wotenga ngongole ku banki ali ndi kalata. Wopuma pa ntchito amaonetsa za penshoni.

Koma tsiku lina kunabwera bambo wina wovala bwino, wofuna nyumba ku Area 47. Sananenerere mtengo ngakhale pang'ono. Ndalama inali m'chikwama cha zovala, mitolo yomanga ndi malabala, ndipo anati mapepala alembedwe m'dzina la mphwake, mwana wa sekondale. Nditapempha kuti alipire kudzera ku banki anati, "Achimwene, za ku banki zimachedwetsa, ine ndikuwonjezerani yanu." Malondawo sanachitike, koma lipoti linapita ku FIA, poti lamulo limafuna kuti ngakhale malonda ongoyeserera anenedwe.

Cholemera kwambiri pa ntchitoyi si mapepala ayi. Ndi kukhala chete. Lamulo limaletsa kumutsina khutu munthu kuti wamulembera lipoti, ndipo Lilongwe ndi mudzi: amene wamulemba lero ukumana naye pa maliro Loweruka, kapena mkazi wake amaimba kwaya limodzi ndi mkazi wako. Umamupatsa moni ndi manja awiri, nkhani ili m'mimba. Anzanga ena pa ntchitoyi amati kumeneko n'kupereka mnzako. Ine ndimakana. Lipoti si chigamulo, ine sindine woweruza. Ndimangonena zomwe ndaona, ofufuza aone okha. Ndipo ndalama zomwe zimabisidwa m'makoma a nyumbazi n'zomwe zija zikanagula mankhwala ku chipatala cha Kamuzu Central. Zimakwezanso mitengo ya mapuloti mpaka mphunzitsi wosunga ndalama zaka zambiri amalephera kupeza ngakhale kamalo ku Chitedze.

Makasitomala ena anatithawa, n'zoona, anapita kwa omwe safunsa mafunso. Omwe anatsala komanso omwe akubwera tsopano ndi a mtundu wina: ogula pa ngongole ya banki, mabungwe ofunira antchito awo nyumba, ndi a Malawi okhala ku Johannesburg ndi ku UK omwe amatumiza ndalama pa akaunti ndipo amafuna risiti ya tambala iliyonse. Chaka chatha tinalemba ntchito mtsikana wina wophunzira za akaunti kuti aziyang'anira mafayilo ndi malipoti okhaokha, ndipo ndi iyeyo amene amavomereza fayilo ndisanatenge kasitomala kukaona nyumba.