Mmene ndinalandirira CAR-T khansa itabwerera

Multiple myeloma ndi khansa ya m'mafuta a m'mafupa, ndipo ambirife imatibwerera. Ine inandibwerera nditachita kale transplant, ija amakupatsa mankhwala amphamvu a khansa otchedwa melphalan kenako n'kukubwezera maselo ako omwe. Apa m'pamene adokotala kuno ku America ananditchulira Carvykti, mtundu wa CAR-T (chithandizo chosintha maselo ako omwe kuti azipha khansa) umene bungwe loona za mankhwala la FDA linavomereza mu 2022. Mu 2024 linalola kuti uziperekedwa msanga kwa amene mankhwala a lenalidomide asiya kuwathandiza, ngati ine.

Poyamba anandilumikiza ku makina okoka magazi, kusankhamo maselo a T, omwe ndi a chitetezo cha m'thupi, n'kubweza otsalawo m'thupi. Ndi maola angapo uli chogona, sizipweteka kwenikweni. Maselowo anawatumiza ku fakitale, komwe amawasintha kuti azizindikira puloteni ya BCMA yomwe ili pa maselo a khansayi, n'kuwachulukitsa.

Chondivuta kwambiri chinali kudikira. Zimatenga milungu ingapo, pomwe khansa siidikira munthu. Msana unkawawa, zotsatira za magazi zikuipiraipira, ndipo anandipatsa mankhwala ena ongoigwira kaye. Usiku ndinkangoganiza kuti bwanji maselowo akakanika kuchuluka, poti zimachitika kwa ena. Mukafika pamenepa, auzeni adokotala ululu uliwonse, musalimbe nawo mtima.

Maselo aja atabwera, ndinalandira mankhwala a khansa a fludarabine ndi cyclophosphamide kwa masiku atatu kuti maselo atsopanowo apeze malo. Kenako kathumba kakang'ono ka maselowo pa dilipi, ola lisanakwane katha.

Patapita pafupifupi sabata thupi linatentha, ndikunjenjemera. Amati CRS: maselo aja ayamba nkhondo, chitetezo cha m'thupi n'kuwira mopyola muyezo. Anandipatsa tocilizumab, kutenthako kunatsika. Tsiku lililonse anamwino ankandiuza kuti ndilembe chiganizo, nditchule mwezi ndi chaka, ndiwerenge chobwerera kuchokera pa 100 ndikuchotsa khumikhumi. Amatero chifukwa mankhwalawa amatha kusokoneza ubongo, ndipo kasinthidwe ka kalembedwe kamaonekera msanga.

N'chifukwa chake gadiyani ndi wofunika zedi, usana ndi usiku. Mayi a kunyumba ndiwo ankandiyeza kutentha, kumvetsera ngati ndikuyankhula zosokonekera, ndi kundiyendetsa pa galimoto poti anandiletsa kugwira chiwongolero. Konzekeranitu za munthu ameneyu maselo asanatengedwe, komanso malo ogona pafupi ndi chipatala.

Panopa chitetezo changa chidakali chofooka, chifukwa CAR-T imaphanso maselo abwino opanga ma antibody olimbana ndi matenda. Ndimalandira IVIG (ma antibody ochokera m'magazi a anthu ena) pa dilipi, ndimapewa malo odzaza anthu, ndipo magazi amandiyezabe pafupipafupi.