Momwe ndinathanirana ndi nthambi za chiganizo pa Chingerezi cha MSCE

Zotsatira zatuluka, ndipo Chingerezi ndachikhoza ndi kirediti. Aliyense amene analembapo MSCE akudziwa kuti ngakhale munthu akhoze bwino maphunziro ena onse, satifiketi ya MANEB sangaione ngati walephera Chingerezi, choncho pokonzekera kulembanso ndinaika mtima pa galamala, makamaka mafunso ofuna kuti munthu atchule mtundu ndi ntchito ya nthambi yomwe yatsekedwa mzere kunsi.

Za kulembetsa mayeso sindikambapo. Chomwe chimandiwawabe ndi Loweruka lomwe ndinataya kwa mphunzitsi wina wapatitayimu, amene analonjeza kuti atiphunzitsa nthambi zonse tsiku limodzi. Anafika mochedwa, natolera ndalama tisanatsegule n'komwe makope, ndipo mpaka madzulo ankangotilembetsa mndandanda wa mawu monga "because", "although", "who", "which" ndi "where". Anatiuza kuti tikangoona "where" tizilemba kuti ndi nthambi yamuonjezi ya malo. Limeneli ndi bodza lolepheretsa anthu mayeso, ndipo ife tinachita kuligula ndi ndalama zathu.

Taonani ziganizo izi. Mu "I know where she lives", nthambi ya "where she lives" ndi yadzina chifukwa ikuyankha funso lakuti ndikudziwa chiyani, ndipo ndi pamtherankhani wa mneni "know". Mu "This is the house where she lives", nthambi yomweyo ikufotokoza dzina lakuti "house", motero ndi yamfotokozi. Mu "She sleeps where she works", nthambi yoyamba ndi "where" ikuonjezera tanthauzo la mneni "sleeps", ndiye pano pokha ndi pamene yankho la mphunzitsi uja likanakhoza. Musayang'ane mawu otsogolera nthambi, koma funsani ntchito imene nthambiyo ikugwira.

Komatu musanafike pamenepo, yambani mwawerenga aneni. Nthambi iliyonse imakhala ndi mwininkhani komanso mneni woonetsa nthawi, kotero "after eating" ndi kapandamneni chabe pomwe "after he ate" ndi nthambi. Mukapeza aneni, chotsani gawo limodzi m'chiganizo n'kuliwerenga palokha. Likamveka lathunthu, monga "We went home", ndi nthambi yoima payokha, koma likakusiyani mukudikira zotsatira, monga "because it was raining", ndi yosaima payokha. Nthambi zolumikizidwa ndi "and", "but" kapena "or" ndi zofanana mphamvu, palibe yodalira inzake.

Tsiku lija mayi wina anafunsa za "The book I bought is lost", momwe mulibe mawu alionse a pamndandanda uja. Mphunzitsiyo anati nthawi yatha, funsolo adzayankha sabata yotsatira kwa amene adzalipirenso. Yankho lake ndi lapafupi: "that" wangosiyidwa, "I bought" ndi nthambi yamfotokozi yofotokoza "book", ndipo nthambi yoima payokha ndi "The book is lost", yomwe yadulidwa pakati ndi inzakeyo. Ziganizo zoterezi zimasokoneza anthu ambiri chifukwa amaganiza kuti nthambi yoima payokha iyenera kukhala pamalo amodzi.

Chinanso n'chakuti poyankha musalembe mtundu wokha. Funso likafuna ntchito, tchulani mawu enieni amene nthambiyo ikuwafotokoza, monga "qualifying the noun house" kapena "modifying the verb sleeps", apo ayi malikisi a mbali imeneyo mwawataya. Pa chimangirizo, musaike "although" ndi "but" m'chiganizo chimodzi, ndipo nthambi yamuonjezi ikatsogola muziikapo koma isanayambe inzake.

Ndinasiya kupita kupatitayimu kuja, n'kuyamba kusonkhana ndi anzanga pa mapepala a mayeso akale, aliyense akudula ziganizo payekha kenaka n'kutsutsana za mayankho. Potsutsanapo lamulo linali lomwe lija, lakuti munthu asatchule mtundu wa nthambi asananene ntchito yake.